Galimoto Yakale Imadandaula Isanagone: Phunziro kwa Eni Galimoto ndi Oyendetsa

M'mawodi ambiri a m'boma lino, galimoto imodzi imatumikira anthu ochuluka kuposa banja la mwini wake. Ndi yomweyo imene imathamangira ku chipatala pakati pa usiku ndi mayi woyembekezera amene nthawi yake yakwana, ndi yomweyo imanyamula matumba a soya ndi mtedza popita ku msika, ndipo tsiku la zovuta ndi yomweyonso imakatenga bokosi. Galimoto yotereyi ikagona, amene amavutika ndi mudzi wonse.

Zambiri mwa galimoto zimenezi zidafika m'dziko muno zitagwira kale ntchito ku Japan. Zidatsika sitima pa doko la Dar es Salaam, n'kulowera pa chipata cha Songwe ku Karonga, ndipo zina zidadutsa m'manja mwa anthu angapo zisanafike kwa amene ali nazo lero. Toyota Corolla, Probox, Sienta, Hiace ndi Hilux ndi galimoto zolimba, koma zidazolowera misewu ya phula yosalala. Kuno zimakumana ndi fumbi la chilimwe, matope a dzinja, maenje, ndi katundu wopyola muyeso. Kuti ziwonongeke, n'zosadabwitsa.

Chimene chimasaukitsa eni galimoto kwambiri ndi kukonza kongoganizira. Galimoto ikakana kulira m'mawa, mwini wake amathamangira kukagula batire latsopano. Pakatha sabata imodzi imakananso, ndipo wina amamuuza kuti vuto ndi sitata. Sitata ikasinthidwa koma matenda n'kukhalapobe, ndi pamene zimadziwika kuti lamba wozunguza alternator adali wokhwefuka, kotero kuti batire silinkalandira moto pamene galimoto ikuyenda. Ntchito imene inkafuna sipana imodzi ndi mphindi khumi yadya ndalama za feteleza wa chaka chonse. Phunziro lino likufotokoza mmene munthu angapezere gwero la vuto asanatulutse ndalama, poyambira pa zinthu zapafupi ndi zotsika mtengo, n'kumapita pang'onopang'ono ku zakuya. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Maso, makutu ndi mphuno

Chida choyamba cha mwini galimoto ndi kutchera khutu ndi kuyang'anitsitsa. Vuto likayamba, adzifunse kuti likubwera nthawi yanji: injini ili yozizira kapena itatentha, pokwera mtunda kapena potsika, pokhota kapena poponda buleki, mvula itagwa kapena kunja kuli gwaa. Akumbukirenso chimene chidachitika vutolo lisanayambe. Mwina galimoto idawoloka madzi akuya, idathiridwa mafuta a m'chigubu, kapena idagwidwa ndi makaniko wina masiku apitawo. Mayankho a mafunso amenewa amafupikitsa ntchito kuposa chida chilichonse cha m'galaja.

Pansi pamene galimoto yagona usiku pamanenanso zambiri. Madontho akuda kapena oderako ndi oyilo wa injini. Ofiira, a mafuta, kawirikawiri amachokera ku giya yosintha yokha kapena ku pampu ya chiwongolero. Obiriwira kapena ofiirira, onunkhira motsekemera, ndi madzi oziziritsa injini. Kunyowa koterera mkati mwa tayala ndi mafuta a mabuleki, ndipo galimoto imeneyo siyenera kuchoka pakhomo. Madzi oyera odontha pambuyo pogwiritsa ntchito choziziritsira mpweya m'kati mwa galimoto alibe vuto.

Pali mayeso ena osavuta amene ogula galimoto ambiri sawadziwa. Kiyi akatembenuzidwa koma injini isanalizidwe, tinyali tonse ta pa dashibodi timayenera kuyaka: ka oyilo, ka batire, ka mabuleki ndi kachikasu kokhala ndi chithunzi cha injini. Injini ikalira timazima. Kanyali kamene sikayaka n'komwe pa nthawi imeneyi ndiye kuti kadapsa, kapena wina adakachotsa dala pofuna kubisa vuto pogulitsa galimotoyo.

Ikakana kulira

Pamenepa khutu ndi limene limasiyanitsa matenda. Pali galimoto imene imangoti zii kiyi akatembenuzidwa, pali imene imati ta-ta-ta mofulumira, ndipo pali ina imene injini yake imazungulira bwinobwino koma osagwira moto. Awa ndi mavuto atatu osiyana, ndipo mankhwala akenso ndi osiyana.

Ikangoti zii kapena ta-ta-ta, woyendetsa ayatse nyali zakutsogolo, wina aime kutsogoloko, kenako atembenuze kiyi. Nyali zikazilala kwambiri kapena kuzimiratu, vuto lili pa batire kapena pa mitu yake, imene amakaniko amaitcha mateminolo. Zikakhalabe zowala, batire lili ndi mphamvu, ndipo kofunika kuyang'ana ndi ku sitata ndi mawaya ake. Pa galimoto ya giya yosintha yokha, ndodo ya giya ikapanda kukhala bwino pa P injini siilira. Kuyesa pa N nthawi zina kumathetsa nkhani yonse. Galimoto ya mtundu umenewu siilira poikankha, choncho kuitanitsa anyamata a pamsika kuti aithamangitse n'kuwatopetsa chabe.

Mitu ya batire imachita ufa woyera kapena wobiriwira umene umatsekereza magetsi. Ufawu umachoka ndi madzi ofunda osungunuliramo soda wophikira ndi kaburashi. Pomasula, waya wa chizindikiro chochotsera ndiye amayamba kuchotsedwa, ndipo pobwezera amakhala womaliza. Waya yemweyo amakathera pa chitsulo cha galimoto, ndipo malo amenewo akachita dzimbiri kapena bawuti yake ikakhwefuka, galimoto imaonetsa zizindikiro zonse za batire lakufa pamene batire lili bwino. Kukhomera msomali pakati pa mutu wa batire ndi waya, monga ena amachitira, kumathandiza tsiku limodzi n'kuwononga mutuwo.

Kachipangizo koyezera magetsi, kamene amakaniko a mawailesi ndi mafoni amakhala nako, kamathetsa mkangano wa batire ndi alternator. Batire lodzaza bwino, galimoto itagona usiku, limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6. Likatsikira ku 12 ndiye kuti lafooka kwambiri. Injini ikulira, nambalayo imayenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapanda kukwera, batire silikulandira moto, ndipo latsopano lidzathanso chimodzimodzi. Lamba ayambe wayesedwa, chifukwa lamba wokhwefuka kapena wong'aluka ndi amene amalira mokwiyitsa m'mawa kapena nyali zikayatsidwa. Chizolowezi chochotsa waya wa batire injini ikulira, pofuna kuona ngati alternator ikugwira ntchito, chidachokera ku galimoto za makedzana. Pa galimoto yokhala ndi kompyuta chikhoza kupsereza kompyutayo. Batire lotsegula pamwamba limawonjezeredwa madzi ake ogulitsidwa m'mabotolo, osati a pa mjigo, ndiponso osati asidi.

Injini ikamazungulira koma osagwira, ndiye kuti chikusowa chimodzi mwa zitatu: mafuta, mpweya, kapena kamoto ka pa mapulagi. Pa galimoto zambiri za petulo, kiyi akangotembenuzidwa pamamveka kulira kwapansipansi ngati njuchi kuchokera ku thanki, kwa masekondi awiri kapena atatu. Imeneyo ndi pampu ya mafuta. Ikapanda kumveka, poyambira ndi pa mafyuzi, amene malo ake adajambulidwa pa chivundikiro cha kabokosi kake. Fyuzi yakupsa imabwezeredwa ndi ina ya nambala yomweyo. Kumangapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ndi njira imene yapsereza galimoto zambiri, pakuti fyuzi idaikidwa kuti ipse iyo m'malo mwa mawaya onse.

Pampu ya mafuta imakhala m'kati mwa thanki ndipo imazizira ndi petulo yemweyo. Galimoto yoyenda masiku onse ndi malita awiri kapena atatu imatenthetsa pampu yake, n'kumakokanso zinyalala za pansi pa thanki. N'zomveka kuti mafuta ndi okwera mtengo ndipo nthawi zina amasowa, koma pampu ndi yokwera mtengo kuposa. Mafuta a m'zigubu ali ndi vuto lawo, chifukwa wogula sangadziwe ngati muli madzi, palafini kapena mchenga. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, choncho galimoto imene yaima miyezi ingapo ikhoza kukana kulira chifukwa cha petulo wogonera yekhayo. Mapaipi a labala okalamba amauma n'kung'aluka, ndipo fungo la petulo m'galimoto siliyenera kuzolowereka.

Za dizilo zili ndi khalidwe lawo. Mafuta akathera panjira, mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo ngakhale thanki idzazidwe injini siigwira kufikira mpweyawo utatulutsidwa ndi kapampu ka m'manja kamene kamakhala pamwamba pa sefa ya mafuta. Pansi pa sefa yomweyo pamasonkhana madzi, ndipo pali pomasula kuti atuluke. Ngati injini ya dizilo imavuta m'mawa wa Juni ndi Julayi wokha, n'kumalira bwino masana, ndiye kuti mapulagi otenthetsera afooka.

Injini ikatentha

Palibe vuto limene limapha injini yakale msanga ngati kutentha, ndipo palibenso limene limapereka chenjezo loonekeratu ngati limeneli. Muvi wa pa dashibodi ukayandikira pofiira, kapena kanyali kofiira ka kutentha kakayaka, woyendetsa aime pambali pa msewu n'kuzimitsa injini. Maganizo oti pangotsala pang'ono kufika pa sitolo ndi amene amasandutsa vuto la paipi imodzi kukhala la injini yonse. Mutu wa injini zambiri za petulo ndi wa aluminiyamu, ndipo ukatentha mopyola umapindika.

Chivundikiro cha rediyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha. Madzi a m'katimo amakhala opanikizika, ndipo amatumphukira kumaso ndi m'manja ngati nthunzi yowotcha. Kudikira theka la ola kapena kupitirira sikutaya nthawi. Kuthira madzi ozizira mu injini yotentha kukhoza kung'alula chitsulo.

Chivundikiro chomwecho ndi chida chofunika kuposa mmene chimaonekera. Madzi amawira pa madigiri 100 m'madera otsika, ndipo m'madera okwera ngati Dedza ndi Mzuzu amawira asanafike n'komwe pamenepo. Kasipiring'i ka m'chivundikiro kamapanikiza madziwo kuti asawire kufikira pafupifupi madigiri 120. Labala yake ikatha, madzi amawira msanga n'kumatayika pang'onopang'ono, mwini galimoto n'kumangowonjezera m'mawa uliwonse osadziwa kumene akupita. Pa zipangizo zonse zoziziritsa injini, chimenechi ndi chotsika mtengo koposa, ndipo ndicho choyenera kuyamba kuchikayikira.

Nthawi imene kutenthako kumabwera imaloza kumene kuli vuto. Galimoto imene imatentha ikaima pamzere kapena ikamayenda pang'onopang'ono, n'kumazizira ikathamanga, vuto lake ndi fani, fyuzi yake, kapena chipangizo choiyatsa. Imene imatentha pothamanga ndi pokwera phiri nthawi zambiri imakhala ndi rediyeta yotsekeka. Kunja imatsekeka ndi matope, njere za udzu ndi tizilombo, zimene zimachoka ndi madzi othiridwa mofatsa kuchokera kumbuyo kwake. M'kati imatsekeka ndi dzimbiri ndi mchere wa m'madzi. Aliyense amene adaonapo makoko oyera a m'ketulo yowiritsira madzi a pa mjigo akudziwa chimene chimachitika m'timapaipi ta rediyeta, timene ndi topyapyala kwambiri. N'chifukwa chake mankhwala oziziritsa injini, amene amasakanizidwa ndi madzi oyera opanda mchere, ali ofunika ngakhale kuno kumene madzi saundana ndi chisanu. Ntchito yawo yaikulu kuno ndi kuletsa dzimbiri.

M'magalaja ambiri muli chikhulupiriro choti thermostat ndi ya kumaiko ozizira, ndipo galimoto ikangofika amaichotsa. Kachipangizo kameneka kamatseka njira ya madzi injini ikadali yozizira, n'kutsegula ikafika pa kutentha koyenera. Kakachotsedwa, injini imachedwa kutentha, imadya mafuta ambiri ndipo imaperepeseka msanga. Pa injini zina, kuchotsa thermostat kumasiya njira yachidule yotseguka, madzi ena n'kumazungulira osadutsa mu rediyeta, kotero kuti kutentha kumene amafuna kuthetsa kumakula. Kuiyesa n'kosavuta: ikaikidwa mumphika wa madzi pamoto imayenera kutseguka madziwo asanawire, pa nambala yolembedwa pa iyo, imene pa galimoto zambiri za Toyota ndi 82. Yokana kutseguka isinthidwe ndi ina.

Gasiketi ya pamutu wa injini ikapsa, zizindikiro zake zimakhala izi: oyilo amasanduka ngati tiyi wa mkaka, madzi amatha popanda podontha, m'rediyeta mumatuluka thovu injini ikulira, ndipo ku paipi ya utsi kumatuluka utsi woyera wosatha. Apa ntchito ndi ya makaniko wodziwa. Mutuwo uyenera kuyezedwa ngati sudapindike, ndipo chimene chidayambitsa kutenthako chipezeke, apo ayi gasiketi yatsopanoyo idzapsanso.

Utsi, oyilo ndi fumbi

Utsi wobiriwira motuwa, wonunkha mafuta opsa, umasonyeza kuti injini ikuwotcha oyilo. Ukamatuluka poliza m'mawa pokha, nthawi zambiri ndi timalabala ta pa mavavu. Ukamatuluka ulendo wonse, ndiye kuti maring'i atha. Utsi wakuda umatanthauza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya, ndipo asanaganize za manozo kapena pampu ya dizilo, mwini galimoto atsegule kabokosi ka sefa ya mpweya. Kanthunzi koyera ka m'mawa wozizira, kamene kamatha injini ikatentha, n'kachibadwa.

Sefa ya mpweya ndi imene imaima pakati pa injini ndi fumbi la misewu ya m'midzi. Ikadzaza, galimoto imafooka ndipo imadya mafuta. Ya pepala imakuntidwa mofatsa, siichapidwa ndi madzi, ndipo ikang'ambika kapena kuda kwambiri imasinthidwa. Ena amaiboola kapena kuichotseratu kuti galimoto ipeze mphamvu. Mphamvuyo imabweradi, koma fumbi lolowa limasakanikirana ndi oyilo n'kumapala zitsulo za m'kati ngati mwala wonolera mpeni.

Oyilo amayezedwa galimoto itaima pamalo osapendekeka, injini itazima kwa mphindi zingapo. Kandodo koyezera kamapukutidwa, n'kubwezedwa, n'kutulutsidwanso, ndipo oyilo ayenera kukhala pakati pa zizindikiro ziwiri. Kupyola chapamwamba n'koipanso. Pa misewu ya fumbi, kusintha oyilo pamodzi ndi sefa yake pa makilomita 5,000 alionse ndi muyeso wabwino kwa injini yakale. Oyilo wogulidwa m'mabotolo a zakumwa pamsika, wopanda chidindo, akhoza kukhala wogwira kale ntchito amene wangosefedwa.

Kanyali kofiira ka oyilo sikafanana ndi tinzake. Kakayaka galimoto ikuyenda, ndiye kuti oyilo sakufika kumene akufunika, ndipo injini ikhoza kuuma m'mphindi zochepa. Izimitsidwe pomwepo. Kachikasu ka chithunzi cha injini kamapereka mpata wokafika ku galaja, pokhapokha ngati kakuphethira, chimene chimasonyeza kuti silinda ina sikuwotcha mafuta bwino. Amakaniko ambiri m'matauni tsopano ali ndi makina olumikiza ku kompyuta ya galimoto. Makinawo amaloza dera limene kuli vuto, koma sanena kuti chipangizo chakutichakuti chigulidwe. Nthawi zambiri cholakwa chimakhala waya wodyedwa ndi makoswe kapena kapaipi ka mpweya kong'aluka pafupi ndi chipangizo chimene chatchulidwacho.

Lamba wobisika ndi mafuta a giya

M'kati mwa injini zina muli lamba wa mano, wotchedwa lamba wa timing, amene saoneka boneti ikatsegulidwa ndipo sachenjeza asanaduke. Injini ya 5A ya Corolla zakale ili naye, chimodzimodzinso injini za dizilo za 3L ndi 5L za Hiace ndi Hilux. Pa za dizilozi, lamba akaduka mapisitoni amagunda mavavu, ndipo ntchito yake imakhala yomasula injini. Muyeso wodziwika wosinthira ndi makilomita pafupifupi 100,000. Ku Japan amamata kapepala pa injini kosonyeza pamene adasinthira. Ngati palibe umboni wotere, n'kwanzeru kumusintha galimoto ikangogulidwa, pakuti makilomita a pa dashibodi amatha kubwezedwa m'mbuyo. Injini ya 1NZ, yopezeka mu Probox, Sienta ndi Corolla za pambuyo pake, imagwiritsa ntchito tcheni, chimene chimakhalitsa malinga oyilo akamasinthidwa pa nthawi yake.

Giya yosintha yokha ili mitundu yosiyanasiyana. Ya CVT, imene ili mu Sienta zambiri ndi mu Honda Fit, imafuna mafuta akeake. Kuthiramo mafuta ofiira wamba kumaiwononga, ndipo zimayamba ndi kunjenjemera ponyamuka. Pa giya ya m'manja, injini ikamakuwa pokwera mtunda koma liwiro osawonjezeka, kalachi yatha.

Mabuleki ndi matayala

Zonse zatchulidwazi zimawononga ndalama. Za m'gawo lino zimatenga miyoyo, ya okwera ndi ya ana oyenda m'mbali mwa msewu popita ku sukulu.

Buleki yofewa, yomira pansi kapena yofuna kupopa kawiri katatu isanagwire, imasonyeza kuti m'mapaipi mwalowa mpweya kapena mafuta akudontha. Kulira kosongoka poponda ndi kachitsulo kochenjeza kuti mapadi atsala pang'ono kutha. Kukayamba kumveka kukhukhuta kwa chitsulo pa chitsulo ndiye kuti atheratu ndipo akudya mbale ya buleki. Galimoto yokokera mbali imodzi poponda buleki ili ndi mbali imene yagwira kapena yanyowa ndi mafuta. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi, ndipo akakalamba amawira mabuleki akatentha, buleki n'kumira popanda chenjezo. Kuwasintha pa zaka ziwiri zilizonse kumapewetsa zimenezi. Madzi a sopo, amene ena amathira pangozi, sagwira ntchito ya mafuta amenewa.

Chizolowezi choopsa koposa ndi chotsetsereka phiri giya itachotsedwa, kapena injini itazimitsidwa, pofuna kupulumutsa mafuta. Pa zitunda zazitali ngati za ku Chiweta, za msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti, kapena zotsikira ku Chikwawa, injini ndi imene imayenera kugwira galimoto kudzera mu giya yaing'ono. Mabuleki akasiyidwa okha amatentha n'kuleka kugwira. Injini ikazima, mphamvu yothandizira buleki imatha pambuyo poponda kawiri kapena katatu, ndipo chiwongolero chimalimba. Mafuta opulumutsidwa pamenepo sakwana n'kapu yomwe, pakuti galimoto zambiri za kompyuta zimadula zokha mafuta zikamatsika zili m'giya phazi litachoka pa moto.

Tayala limakalamba ngakhale mapanda ake akuoneka akuya. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi otsatana, nthawi zambiri m'kabwalo kowulungika: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Lolembedwa 2319 lidapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Wogula matayala a kaunjika awerenge manambala amenewa, ayang'anenso ming'alu ndi zotupa m'mbali. Galimoto zina zimabwera kuchokera ku Japan ndi matayala opangidwira chipale chofewa, odziwika ndi timizere tambirimbiri topyapyala. Labala yake ndi yofewa, imatha msanga pa phula lotentha la Okutobala ndipo siigwira bwino msewu. M'kati mwa mapanda muli timizere topingasa tosonyeza malire a mamilimita 1.6, tikafanana ndi pamwamba pa tayala, ntchito yake yatha. Mpweya woyenera udalembedwa pa kapepala ka pa mphuthu ya chitseko cha woyendetsa, ndipo umayezedwa tayala lili lozizira. Lodyeka mbali imodzi likunena kuti miyendo ya galimoto yapotoka, ndipo latsopano lidzadyekanso pomwepo ngati siiwongoledwa.

Phokoso la pansi limadziwika ndi nthawi yake. Kugogoda pa maenje kumachokera ku timalabala ndi mfundo za miyendo. Kulira kokula pamodzi ndi liwiro, kosintha pokhota, ndi bering'i ya tayala. Kuti ta-ta-ta pokhota kwambiri ndi mfundo ya shafuti yakutsogolo, ndipo chiyambi chake chimakhala kathumba ka labala kong'ambika kamene kadataya girizi n'kulowetsa mchenga. Kathumbako kakaoneka msanga, mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi shafuti. Woyang'ana pansi pa galimoto asadalire jeki yokha. Paikidwe zochirikiza zolimba, matayala atsekedwe ndi miyala, ndipo njerwa zisagwiritsidwe ntchito chifukwa zimaphwanyika mwadzidzidzi.

Pofika kwa makaniko

Mwini galimoto akafika ku galaja afotokoze zimene waona ndi kumva, osati dzina la chipangizo chimene akuchiganizira. Wonena kuti akufuna pampu yatsopano amapatsidwa pampu. Wonena kuti galimoto imazima ikayenda theka la ola n'kuliranso ikazizira amapatsa makaniko poyambira kufufuza. Ndi ufulu wake kufunsa kuti chayezedwa n'chiyani chisanagulidwe china, kugwirizana mtengo ntchito isanayambe, ndi kulandira zipangizo zakale zimene zachotsedwa. Makaniko wabwino, kaya adaphunzira ku sukulu za ntchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA kapena pansi pa mtengo kwa mmisiri mnzake, sakwiya ndi mafunso otere. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Chikalata cha COF, chimene nthambi ya boma yoona za pamsewu imapereka, chimachitira umboni za mmene galimoto idaliri tsiku loyezedwalo basi. Kubwereka matayala kapena nyali kwa mnzake pa tsikulo n'kubweza madzulo kumapusitsa woyeza, koma okwera mawa lake amakwera pa matayala akale omwe aja.

Kabuku kakang'ono kosungidwa m'galimoto, kolembamo tsiku, makilomita, ntchito imene yagwiridwa ndi malita a mafuta othiridwa, kamaulula vuto lisanamveke. Galimoto imene inkayenda makilomita 12 pa lita imodzi ikayamba kuyenda 9 pa msewu womwewo, pali chimene chasintha: sefa, mapulagi, mpweya wa m'matayala kapena buleki yogwira. Kumene galimoto ili ya gulu, monga ya kalabu ya alimi, ya mpingo kapena ya komiti ya chitukuko, kabukuka kamatetezanso woyendetsa ndi msungichuma ku mikangano ya pa msonkhano.

Oyilo wakale asatayidwe m'ngalande, m'dambo kapena pafupi ndi chitsime ndi mjigo, chifukwa amalowa pansi n'kuipitsa madzi akumwa. Asungidwe m'chigubu chotseka bwino. Madzi oziziritsa injini amatsekemera koma ndi poizoni kwa ana, agalu ndi mbuzi, choncho asasiyidwe m'beseni pabwalo. Batire lakufa lili ndi asidi ndi mtovu. Lisaswedwe pakhomo kapena kusiyidwa pamene ana amasewera, koma liperekedwe lathunthu kwa ogula mabatire akale.